Puloti Yofiira ya a NyaHarawa

Kumunsi kwa Wovwe, kumene madzi a m'ngalande amafika atatopa kale, kuli mayi wina dzina lake Dora Harawa. Dzina la Dora limagwira ntchito kutchalitchi ndi pa chiphaso basi. Wina aliyense amawatcha a NyaHarawa, monga amaitanirana akumeneko. Ndi mayi wamfupi, wa miyendo yolimba ya munthu amene wakulira m'matope, ndipo pakamwa pawo sipachedwa. Mukawapatsa moni wautali m'nyengo yowokera mpunga, amakuyankhani ali chiweramire, kenako n'kukufunsani ngati kwanu kulibe ntchito.

Komatu chimene chinawatchukitsa si pakamwapo, ndi mbewu. Anthu ambiri amalima mpunga kuti adye ndi kugulitsa, koma iwo ankalima kuti ena adzadzale. Mbewuyo anailandira kwa apongozi awo chaka chimene anakwatiwa, itamangidwa pakansalu. Unali mpunga wa mtundu wa kilombero, koma wa fungo lakelake, loti ukaphikidwa m'nyumba muno agalu a kunyumba yachitatu amadzuka. Chaka ndi chaka, anzawo asanayambe kumweta, a NyaHarawa ankalowa m'puloti ndi kampeni n'kumasankha ngala imodziimodzi, yodzaza ndi yokhwima bwino. Ngalazo ankazipunthira pamkeka wakewake, osati pa lona la anthu onse pamene mitundu imasakanikirana. N'chifukwa chake ogula ankabwererabe. Mbewu imene wagula lero, ukaidzala kawiri katatu imakhala italowana ndi mpunga wa faya ndi mitundu ina yotero, fungo n'kuthawa. Ankabwera alimi a ku Hara, ankabweranso amalonda a ku Songwe, ndipo onse ankaitanitsa ndi dzina limodzi, mbewu ya a NyaHarawa.

Amuna awo anamwalira kalekale, ana awo aakazi anakwatiwa kutali. Amene anakulira pakhomo pawo mpaka kumera ndevu ndi Allan, mwana wa malemu mlongo wawo Morton. Kumpoto kuno mlongo wa bambo ako ndi ankhazi, ndipo ankhazi si munthu wamba, mawu awo amalemera ngati a bambo amene. A NyaHarawa anamutenga Allan akadali wamamina, namulera ndi dzanja lolimba. Ankakonda kunena kuti mwana ameneyu anaphunzitsidwa ndi mpunga, ndipo sankanama. Mnyamatayo anali ndi mutu. Anapita kusekondale, napita kukoleji ya zaulimi, kenako anapeza ntchito ku Lilongwe, kubungwe lina lofufuza matenda a mbewu. Ankhazi akewo sankamuyamikira pamaso, koma pachigayo ndi pamaliro dzina la Allan linkatuluka m'kamwa mwawo ngakhale nkhani ili ya mtengo wa feteleza.

Tsono chaka china, mpunga utayamba kuweramitsa ngala, Allan anatulukira pagalimoto ya bungwe ali ndi mabwana ake awiri ndi katoni ya maenivelopu. Anati akufufuza chiwawu cha mpunga, matenda aja amene amawauka masamba ndi kuumitsa khosi la ngala. Ankafuna kuthyola masamba ndi ngala pang'ono m'puloti iliyonse, kutapako kadothi, n'kukayeza. Zotsatira zake adzaziika pa tsamba la pa intaneti, pamapu amene iye ankawatcha hitimapu. Anafotokoza kuti mapuwo amapakidwa mitundu: pamene matenda achuluka pamafiira, pamene achepa pamakhala chikasu, pamene palibe vuto pamabiriwira. Dzina la munthu silidzaonekapo, anatero, ndi mitundu yokhayokha.

Alimi anamvetsera mwaulemu, koma zolowa m'minda anakana. Alipo ambiri kumeneko amene mpaka lero amakhulupirira kuti mlendo akathyola ngala kapena kutapa dothi m'munda mwako usanakolole, watenga ndi zokolola zomwe. Ena ankakanira poyera. Ena, ochenjera, ankati mwini puloti wapita ku Chilumba, pamene mwiniyo ndi yemwe akulankhulayo. Apa ndi apo munthu ankalola katsamba kamodzi ka m'mphepete, akuyang'anitsitsa dzanja lothyolalo ngati lakuba. Dzuwa linafika paliwombo maenivelopu akadali mbwee m'katoni, ndipo mabwana aja anayamba kumuyang'ana Allan ndi diso lofunsa ngati kuno n'kwawodi.

A NyaHarawa anaona zonsezi ali pamzere wa puloti yawo, ndipo manyazi anawagwira ngati kuti avulidwa ndi iwo. Mwana wawo kunyozeka pamaso pa akuluakulu ake, kwawo komwe? Anawakodola onse atatu.

"Lowani mwangamu," anatero. "Thyolani mmene mungafunire. Ngati mpunga umathawa ndi tsamba, uthawe wanga."

Analowadi. Tsiku limenelo ndi masiku otsatira anadzaza maenivelopu m'puloti imodzi yomweyo, pakati, m'makona, m'mphepete mwa ngalande. Madzulo ankadya kwa a NyaHarawa, mabwana akunyambita zala. Pochoka, Allan anagwada n'kuthokoza, ndipo ankhazi ake anamuuza kuti asiye zachibwana, galimoto ikumudikira. Koma mumtima munali mwa mbee.

Chakudza sichiimba ng'oma. Miyezi itapita, anthu atakolola, nthawi yogula mbewu ili pafupi, wamalonda wina wa ku Songwe anapeza tsamba lija pa foni yake. Anajambula mapuwo n'kuwaponya pagulu la Watsapu la alimi. Dera lonse linali lobiriwira, mwina ndi mwina kachikasu. Koma kumunsi, pamene ngalande imakhota pafupi ndi mkuyu, panali banga lofiira psuu, ngati pamene aphera mbuzi. Dzina panalibedi, Allan sananame pamenepo. Koma ndani ku Wovwe amene amafuna dzina kuti adziwe puloti ya pamkuyu? Ngakhale ana a sukulu ankaloza ndi chala pafoni n'kunena kuti apa ndi kwa agogo a mbewu.

Nkhani inawanda ngati moto wa m'chilimwe. Amene anakana kuthyoledwa masamba ankayenda mokweza mapewa, akuti tinanena ife. Mayi wina wa ku Hara, amene kwa zaka zambiri ankabwera ndi thumba lake n'kukhala tsiku lonse akucheza, anadutsa panjinga ya kabaza nkhope atalozetsa kwina. Amene anali ndi mbewu yotsala ya chaka chatha anathamangira nayo kuchigayo kuti angodya, isawaonongere minda. A komiti ya alimi anabwera ndi wapampando wawo, a Zebedee Msowoya, munthu wofatsa amene anakhala pampando akupotokola chipewa. Sanalamule kanthu. Anangopempha kuti mbewu ya pamalo ofiirawo iyambe yaima, popeza chiwawu chimatha kuyenda ndi mbewu, ndipo ngalande ndi imodzi.

A NyaHarawa sanawatukwane, ngakhale lilime linkayabwa. Chiwawu ankachidziwa. Chimapezeka pang'onopang'ono m'munda wa aliyense, ndipo ngala yodwala iwo sankaiyandikiza n'komwe pamkeka wa mbewu. Komabe ankadziwanso kuti maso awo akukalamba, ndipo makina a ku Lilongwe amaona zimene munthu saona. Panali munthu mmodzi yekha amene akanawauza zoona. Anakwera pachulu pamene netiweki imagwira, namuimbira.

"Allan, mwana wane, undiuze chinthu chimodzi chokha. Mbewu yanga ikudwala?"

Allan anati, "Ankhazi, mapu akuonetsa zimene tinapeza. Sitinapekepo kanthu."

"Sindinafunse za mapu. Ndafunsa za mbewu."

Anayankha kuti ali pamsonkhano, aimbanso. Sanaimbe. Atamuimbiranso patapita masiku, anazungulirazungulira ndi mawu a kusukulu mpaka mayunitsi anatha.

Apa ndi pamene a NyaHarawa analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha ulemu umene iwo omwe anamuphunzitsa mwanayo. Kwathu kuno uthenga woipa sunenedwa mwachindunji kwa wamkulu. Munthu akamwalira, amakuuza kuti wadwalika, bwerani msanga. Ndiye mwana akamazemba funso la ankhazi ake kawiri konse, wamkulu amamva yekha chimene chikuopedwa kunenedwa. Iwo anamva kuti mbewu yafa, ndipo mwanayo akuwamvera chisoni. Anamumveranso chisoni iyeyo, kuti wasenza katundu wolemera yekhayekha ku Lilongwe.

Sanali munthu wochita zinthu mwatheka. Anati dzina lawo silidzatchulidwa kuti ndi limene linapha mpunga wa ku Wovwe. M'mawa wina anabwereka ngolo, nakweza matumba onse a mbewu. Analowanso kuchipinda n'kutulutsa mtsuko umene ankasungamo mbewu yapadera, yodzadzala okha chaka cha tsoka, nakhuthulira m'thumba lomaliza. Wapachigayo, amene ankaudziwa mpungawo ndi fungo, anawafunsa kawiri ngati akutsimikiza. Anamuuza kuti ayatse makina, sanabwere kudzacheza. Anaima pomwepo akuona mankhusu akuuluka ndi mpunga woyera ukutsikira m'beseni. Mpunga ukachotsedwa khungu sumeranso, zimenezo amadziwa ndi mwana yemwe. Sanalire pachigayo. Analira panjira, kumbuyo kwa ngolo, pamene woyendetsa ng'ombe sankawaona.

Mvula itagwa, anafesa nazale ya faya wogula, ngati wina aliyense.

Zoona zinabwera ndi Madalo, mlangizi wa zaulimi wa deralo, mtsikana wa ku Dedza amene Chitumbuka chake chinkaseketsa anthu. Iyeyu anali atapita kwawo kukachira, ndipo anabwerera ndi khanda kumbuyo anthu akuwokera. Atafika pamkuyu anaima n'kuyang'ana mbande, nafunsa chifukwa chake amayi adzala faya. A NyaHarawa anamuuza mwachidule, osaweramuka. Madalo anakhala pansi pamzere pomwepo, m'matope, osasamala chitenje.

"Amayi, kodi Allan sanakuuzeni?"

Anatulutsa tabuleti ya kuntchito n'kutsegula tsamba lija. Banga lofiira linali pomwepo. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti mapuwo ankawerenga masamba odwala amene anapezeka pamalo, osafunsa kuti pamalopo anathyolapo angati. Anati zili ngati kufufuza nsabwe m'mutu mwa mwana mmodzi tsiku lonse, ana enawo n'kungowayang'anira patali, kenako n'kulengeza kuti wansabwe m'mudzi muno ndi mmodziyo. Puloti yawo inafiira chifukwa ndi mokhamo mmene anthu aja analoledwa kulowa. Pakona pa tsambalo panali kabatani kakang'ono. Madalo anakadina, kuti mapu aonetse odwala angati pa masamba khumi alionse. Tsamba linazungulira pang'ono, netiweki ikukoka miyendo, kenako banga lija linazimiririka. Pamkuyu panabiriwira ngati pena paliponse.

A NyaHarawa anayang'ana nthawi yaitali. Anapempha kuti adinenso. Kufiira. Adinenso. Kubiriwira. Ntchito ya moyo wawo wonse inkasintha mtundu ndi chala cha mtsikana.

Mpaka apa akanatha kupirira, chifukwa kulakwitsa n'kwa munthu aliyense. Koma Madalo, misozi ili m'maso, anapitiriza. Anati iye anaona vutoli mapu atangotuluka, asanapite ku Dedza, ndipo anamuimbira Allan. Allan anavomera kuti akudziwa. Anati mapuwo ndi amene mabwana awasankha kukaonetsa kwa opereka thandizo, chifukwa mapu obiriwira okhaokha sadzutsa munthu pampando, ndipo adzawakonza msonkhanowo ukadutsa. Madalo atati apite akawachenjeze amayi, Allan anamuletsa. Anati ndi ankhazi ake, awauza yekha. Ndipo mlendo wa ku Dedza angalowe bwanji pakati pa mwana ndi ankhazi ake?

A NyaHarawa anafunsa kuti zimenezi zinachitika liti. Madalo atatchula nthawi, a NyaHarawa anaona kuti tsiku lija anakwera pachulu, mwanayo anali akudziwa kale. Kuzemba kuja sikunali ulemu. Iwo ankamumvera chisoni, pamene iye ankateteza banga lake lofiira.

Kupsa mtima ankakudziwa bwino, kunali ngati mnzawo wakale. Koma ichi chinali china. Anamva manyazi a munthu amene wadyeredwa masuku pamutu ndi mwana womulera yekha. Adani akanawachita zimenezi, bwenzi atawatukwana mpaka dzuwa kulowa n'kugona tulo tabwino. Koma wowagwiritsa fuwa la moto anali yemwe ankamutchula pachigayo ndi pamaliro. Anamupempha Madalo chinthu chimodzi, kuti asamuuze Allan za kuchigayo.

Masabata otsatira anayendayenda kufunafuna mbewu yawo kwa amene anagulapo. Anapita ku Hara kwa mayi uja wa pakabaza, amene anawalandira ndi manyazi n'kuwaonetsa thumba lopanda kanthu. Anapita kwa ena amene anagulapo zaka za m'mbuyo. Ambiri anali atadya. Mmodzi anawapatsa kambale ka mpunga wosapuntha, akuti ndi womwewo, koma atauthira padzanja anaona mitundu itatu. Anaufikisa, naununkhiza, naubweza mwaulemu. A Zebedee anabwera kudzapepesa m'malo mwa komiti, ndipo iwo anawauza kuti komiti sinalakwe kanthu, inafunsa zimene munthu wanzeru aliyense akanafunsa.

Allan anabwera mpunga utayamba kubereka. Anabwera wosangalala, atanenepa pang'ono, atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano. Opereka thandizo anali atavomera kupitiriza kafukufuku, ndipo iye anasankhidwa kukaphunzira kunja. Anabwera kudzatsazika ndi kudzalandira mawu a ankhazi, monga mwana wolongosoka amachitira. Atakhala pakhonde anatulutsa foni n'kuwaonetsa tsamba lija. Linali lokonzedwa, lobiriwira, ndi mawu ang'onoang'ono pansi opepesa chifukwa cha kasokonezo. Anati tsopano ogula abweranso, ndipo bungwe lake likufuna kutenga mbewu yawo kuti likaichulukitse, dzina lawo lidzalembedwe pamatumba.

A NyaHarawa sanaiyang'ane foniyo. Analankhula naye m'Chitumbuka, motsitsa mawu, zimene Allan ankadziwa kuyambira ali mwana kuti n'zoopsa kuposa kukalipa.

"Tsiku lija ndinakuimbira ndili pachulu, unkadziwa?"

Anayamba kufotokoza za mabwana, za msonkhano, za mmene ntchito imasowera m'tauni. Iwo anangodikira. Mawu atamuthera, anaweramitsa mutu.

"Ndinkadziwa, ankhazi. Ndinkati ndi miyezi yochepa chabe. Ndinkati mungodikira."

"Unayamba wandionapo ndikudikira?"

A NyaHarawa anadzuka n'kulowa kukhitchini. Sanagwire nkhuku, ngakhale zinkayendayenda pabwalo, ndipo Allan anaona zimenezo. Patapita nthawi fungo linatuluka, lija lodzutsa agalu a kunyumba yachitatu. Anabwera ndi madzi osamba m'manja, kenako mbale ya mpunga wokhawokha, wopanda ndiwo, wopanda ngakhale supu. Anamuuza kuti adye. Mnyamatayo anaganiza kuti chimenechi ndiye chilango chake, ndipo anachilandira mopepukidwa. Anadya yonse. Pomaliza anayesa kumwetulira, nati mpunga ngati umenewu ku Lilongwe kulibe, ndipo kunja akukapitako adzaulota. Kenako anapempha kuti amuonetse matumba a mbewu, awajambule akaonetse mabwana.

"Mbewu ndi imene wadyayo," anatero a NyaHarawa. "Ndinapita nayo kuchigayo nditalankhula nawe kachiwiri kaja. Yonse, ndi ya mumtsuko yomwe. Ndinkati mwana wanga akuopa kundiuza kuti yafa."

Allan anayang'ana mbale, nayang'ana ankhazi ake. Foni inali ikadali yoyaka pamkeka, mapu ali obiriwira.

Panali kanjere kamodzi kosaphika kamene kanawakanirira pachitenje pamene ankapeta. Anakatola ndi zala ziwiri, koyera, kosalala, kopanda khungu. Anatenga dzanja la mwanayo, dzanja limene analigwira tsiku loyamba kupita naye kusukulu, nalitambasula, nakaika pakati pa chikhatho.

"Mwaphunzira kwambiri inu," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula kuti inu. "Kadzaleni."

Anatola mbale n'kupita nayo kuseri kukatsuka.